Pompi Imene Benard Anandiikira

Kanyama, Lusaka
12 Okutobala 1982

Okondedwa amalume a Hosea,

Ndayamba ndi kukugwadirani ndi moni wochokera pansi pa mtima. Muli bwanji kumeneko ku Katete? Bondo lija linkakuvutani m'nyengo yozizira lasiya kodi? Amayi kunyumbako, ana ndi adzukulu onse akudzuka bwanji?

Kuno tili moyo, Mulungu akutisunga. Bambo a Sophia akusokabe zovala kwa mmwenye wawo ku Kamwala, Sophia ali pasukulu, ine ndili ndi tebulo langa la repu ndi tomato kumsika. Dzuwa lokha ndiye latiphika, fumbi mpaka m'mano. Nsawawa zimene munatumiza zinafika bwino, zikomo kwambiri.

Kalata yanu ndinailandira Lachinayi ndipo ndaiwerenga katatu. Mwati Benard wakudandaulirani kuti anandiikira pompi ya madzi pakhomo, koma ine ngakhale zikomo sindinanene. Mwati pa 24, tsiku la ufulu, pamene adzabwere kudzatsegula pompiyo pamsonkhano wa Chipani, ndidzaimirire ndi kumuthokoza pamaso pa anthu monga mlongo wake wamkulu.

Amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma ine sindikuviikirani nsalu, amalume. Inu ndinu mwini mbumba, ndikuuzani zonse monga zinachitikira, ndi zoipa zanga zomwe. Benard wakuuzani za pompi. Za funso sanakuuzeni.

Mukudziwa kuti mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ndine amayi atatisiya. Nditakwatiwa ndinabwera naye kuno, anakulira m'chipinda chimodzi ndi mbaula yanga. Zaka zinayi zapitazo, pamene ankafuna uphungu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndine ndinatha mapazi khomo ndi khomo. Ndinkauza amayi anzanga kuti uyu ndi mwana wa m'komboni, ndowa anasenzapo, sadzatiiwala. Ambiri anamuvotera chifukwa cha pakamwa panga.

Inu simunafikeko kuno, choncho ndikuuzeni za nthaka yathu. Pansi pano ndi mwala wokhawokha. Ukamakumba chimbudzi, piki imayamba kulira usanafike m'chiuno. Zitsime zathu nazonso n'zosaya, ndipo mvula ikagwa, za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zimapatsana moni pansi pa nthaka ife osaona.

Tinali ndi pompi imodzi ya tonse pafupi ndi msika, yotungapo nyumba zoposa mazana awiri. Inauma chaka chatha mu Meyi. Ku ofesi yoona za madzi tinapitako kanayi. Ulendo woyamba anati bwana ali kumsonkhano. Wachiwiri anati fayelo yathu yasowa. Wachitatu anati paipi yoti ilowe m'malo mwa yowolayo imachokera kunja ndipo siinafike. Wachinayi mlonda sanatitsegulire n'komwe geti.

Mu Januwale mvula itakula, ana anayamba kutsegula m'mimba. Ndili ndi mnzanga dzina lake Eneless, wa ku Petauke, nyumba yake yayang'anizana ndi yanga. Ndi amene anandigwira pobereka Sophia, ndipo mchere wanga ndi wake sitinausiyanitsepo. Mwana wake Cathrine, wa zaka zitatu, Lolemba ankasewera pakhomo panga. Lachitatu tinali naye kumanda.

Eneless anatsala ndi mwana mmodzi, Moven, amene nthawi imeneyo anali kubere. Tsopano wasiya kuyamwa, akumwa madzi ngati wina aliyense.

Maliro atatha, amayi tinagwirizana zopita kwa phungu wathu. Anatitsogolera ndi bana Chilekwa, mayi wachibemba wapakamwa pakuthwa, amene ndi mkulu wa amayi a Chipani kuno kwathu. Benard masiku ano amakhala kumayadi, koma anatilandira bwino, sindinama. Anatikhazika pamipando yofewa, ndipo Eneless atalankhula ndinaona misozi m'maso mwa mlongo wanga. Ndinanyada tsiku limenelo.

Anatiuza kuti kumaofesi tisapitenso, pali njira ina imene ife sitinkaidziwa. Phungu amalemba funso papepala n'kulipereka ku Nyumba ya Malamulo, ndipo kumeneko amalipatsa nambala ndi tsiku. Tsikulo likafika, nduna yoyang'anira ofesi imeneyo imaimirira n'kuyankha onse akumva. Ikayankha mozungulira, phungu amaimiriranso n'kuifunsa kachiwiri, anzake nawo amawonjezapo, ndipo mawu onse amalembedwa m'buku limene munthu sangafufute. Anati mlonda angatitsekere geti ife, koma nduna siingathawe pamaso pa Sipikala.

Ananenanso china akuseka, ndipo muchisunge bwino, amalume. Anati funso lili ngati mwana wa kusikelo, mayi wake ayenera kukhalapo dzina likamaitanidwa. Phungu akapanda kupezeka pampando wake pa mphindi imeneyo, funso limagwa, ndipo nduna imatseka fayelo yake osanena kanthu. Anaseka aphungu anzake amene mafunso awo amagwa iwo ali kokamwa tiyi. Ifenso tinaseka nawo.

Kenako anatituma umboni. Milungu itatu tinayenda khomo ndi khomo, ine, Eneless ndi bana Chilekwa, kulemba nyumba zimene zikumwa m'zitsime ndi ana amene anadwala. Osadziwa kulemba anadinda chala. Ena ankaopa, ankati mapepala a boma amabwerera ndi apolisi, ndipo ndine ndinkawalimbitsa mtima kuti pepalali likupita m'manja mwa mlongo wanga.

Eneless anapereka khadi la kusikelo la Cathrine. Mwanayo sanajambulidwepo chithunzi, choncho khadi limenelo ndi chinthu chokhacho padziko chimene chinali ndi dzina lake. Benard analiika m'thumba la m'kati mwa jekete, nati adzalikweza m'mwamba nduna ikuona.

Tinadikira mpaka Ogasiti. Kenako uthenga unabwera woti funso lathu ndi nambala 212, Lachitatu masana.

Tinapita amayi khumi ndi asanu ndi anayi. Matebulo kumsika tinaphimba ndi masaka, ana tinasiyira anansi, aliyense anavala chitenge chake cha kutchalitchi. Tinakwera mabasi awiri, kotsalako tinayenda pansi mpaka paphiri pamene pali nyumbayo. Pageti wapolisi anatiuza kuti m'katimo saloleza kulankhula, kuwomba m'manja kapena nthungululu. Bana Chilekwa anamufunsa ngati kupuma n'kololedwa, ndipo naye wapolisiyo anaseka.

Tsopano ndafika pa tchimo langa, ndipo cholembera chikulemera.

Tikukwera masitepe opita kumalo okhala alendo, lamba wa nsapato yanga anamasuka ndipo ndinatsalira m'mbuyo. Nditaweramuka ndinayang'ana pawindo. Pansi, pamalo oimika magalimoto, panali Benard. Anali ndi bambo wina wa suti yotuwa, wonyamula mafayelo m'khwapa. Anagwirana chanza, bamboyo anamusisita paphewa, Benard n'kulowa m'galimoto yake. Asanatseke chitseko anakweza maso, ndipo maso athu anakumana, amalume, monga mmene mukuonera pepala ili. Anatseka chitseko, galimoto inatuluka pageti.

Ndinadziuza kuti waiwala pepala kunyumba, abwera msanga. Ndinakwera masitepe n'kukakhala pakati pa anzanga.

M'katimo amalankhula Chingerezi chokhachokha, koma ine ndimamvako, paja ndinagwirapo ntchito m'nyumba ya azungu ku Kabulonga. Funso lathu lisanafike, phungu wina wa kumudzi kutali anafunsa za mlatho umene unakokoloka kwawo. Nduna inayankha zozungulira. Bambo uja anaimiriranso, wamfupi, jekete lake lothina, nafunsa kuti mwezi uti. Mnzake wina anawonjeza kuti chaka chatha anayankhidwanso chimodzimodzi. Nduna inatulutsa mpango kupukuta thukuta, mapeto ake inatchula mwezi. Tinkagwirana m'nthiti ndi zigongono. Ndinaona ndi maso anga kuti njira ija ndi yeniyeni, munthu wamba angathe kutulutsa thukuta munthu wamkulu.

Kenako Sipikala anatchula nambala yathu ndi dzina la Benard. Kunali zii. Anatchulanso kachiwiri. Nduna yathu inali itayamba kale kudzuka, fayelo yonenepa ili m'manja. Inayang'ana mpando wopanda munthu uja, n'kukhalanso pansi. Sipikala ananena mawu awiri atatu, naitana nambala yotsatira.

Zonsezi zinatha msanga kuposa kumwa kapu ya madzi. Milungu itatu ya mapazi athu, zala za anthu zija, ndi dzina la Cathrine, zinathera pomwepo. Anzanga sanamve chimene chachitika, anapitiriza kudikira ali tcheru. Ndine ndinawanong'oneza kuti tiyeni, funso lagwa.

Titatuluka panja anandizungulira. Bana Chilekwa anafunsa za phungu wathu kuti, "Ba Marjory, nanga ba onarebo bali kuti?" Ndinatsegula pakamwa, ndipo bodza linatuluka lokha ngati linali likudikira pakhomo. Ndinati malungo amugwira mwadzidzidzi m'mawa, athamangira naye kuchipatala, uthenga ndaulandira pamasitepe.

Anandikhulupirira, amalume. Anandipepesa. Bana Chilekwa anatigwiritsa manja pansi pa mtengo, pomwepo pamsewu, napempherera mlongo wanga kuti achire msanga adzafunsenso funso lathu. Ine ndinavomera amen pamodzi ndi onse.

Mungandifunse chifukwa chake ndinanama. Inu nomwe munatiphunzitsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Ndinaona amayi okwiya khumi ndi asanu ndi atatu, ndinaona mwana amene ndinkamupukuta mamina, ndipo ndinamuphimba ndi chitenge changa monga ndinkachitira akaba zitumbuwa za eni. Ndinaganiza kuti mawa adzabwera kudzandifotokozera. Sanabwere.

Patapita milungu itatu, kunabwera lole ya ofesi ya madzi, itadzaza amuna, mapiki ndi mapaipi. Komboni yonse inatuluka. Anayamba kukumba ngalande kuchokera ku paipi yaikulu ya kumsewu, amayi akuwatsatira ndi nthungululu, ena akuwaphikira tiyi. Ngalande inadutsa pafupi ndi pompi yathu youma ija osaima. Tinati mwina ayamba ndi kumapeto. Inadutsa nyumba ya bana Chilekwa, inadutsa ya Eneless, inakhota, n'kulowa pageti panga.

Kapitawo wawo, bambo wina wachikulire dzina lake a Chisala, anatulutsa pepala. Panali nambala ya nyumba yanga ndi dzina langa. Ndinawafunsa, anthu onse akumva, kuti nanga kwinako ayamba liti. Anandiyang'ana modabwa nati, "Mayo, pepa ikamba pompi imozi chabe, ya ba sisita ba onarebo."

Bambo ameneyu analibe mtima woipa, ankangoona ngati ndikudziwa kale. Anapitiriza kunena kuti bwana wawo anaonda ndi funso lija, poti analibe yankho loti apatse nduna, ndipo anapuma bwino atagwirizana ndi aphungu tsiku lomwelo la ku Nyumba ya Malamulo. Anati tsopano fayelo ya dera lathu aitseka, alembapo kuti madzi afika.

Nthungululu zinazima. Palibe anandituka, ndipo bola akanandituka. Bana Chilekwa okha ndi amene anayang'ana pompi, nayang'ana ine, nati, "Kansi malungo ya ba onarebo yanapola bwino, yabala na manzi." Anthu anabalalika mmodzimmodzi, tiyi uja anatsala pambaula.

Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Komboni yonse tsopano ikudziwa kuti Marjory anatenga zala za anthu n'kukagula nazo pompi yake. Kumsika ndikachoka pang'ono, palibe amandiyang'anira tebulo. Lachinayi kumapemphero a amayi, benchi imene ndimakhala imapeza malo ambiri mbali zonse ziwiri. Bambo a Sophia amalowa m'nyumba osadutsanso pa nsolo pamene ankacheza ndi anzawo.

Geti ndinalichotsa tsiku lomwelo, ndinati aliyense atunge. Koma paipi yake ndi yopyapyala ngati chala, madzi amabwera m'mawa kwa maola awiri, kenako imangotsokomola mpweya. Ndowa makumi atatu zikadzaza ndiye kuti tsiku labwino. Ena amabwera ndithu, ludzu lilibe manyazi, koma amatunga osandipatsa moni, ndipo otsalira pamzere amachoka akutukwana dzina langa.

Ndiulule chinanso. Madziwo ndimamwa. Sophia amamwa. Ndi oyera, ozizira, ndipo ndikudziwa mtengo wake, koma ndimamwa.

Eneless yekha sanatungepo ngakhale dontho. M'mawa uliwonse amadutsa pakhomo panga, ndowa m'manja, Moven kumsana, kupita ku chitsime chomwe chija chinapha Cathrine. Tsiku lina ndinadzaza ndowa yanga n'kukaiika pakhomo pake. Madzulo ndinaipeza pakhomo panga, yodzazabe, ataivundikira ndi mbale kuti musagwe fumbi.

Pamenepo ndinapita kwa Benard. Anandidikiritsa pakhonde ola lathunthu, kenako anatuluka akumwetulira, akufunsa ngati madzi akutuluka bwino. Ndinamufunsa kuti iwe, malungo ako aja ali bwanji. Anasiya kumwetulira.

Sanakane, zimenezo ndimupatse. Anati ine ndale sindizidziwa. Anati chaka chamawa kuli masankho, ndipo anthu asanavote n'komwe, akuluakulu a Chipani amayamba ayang'ana mayina, ndipo phungu amene amachititsa nduna manyazi dzina lake limafufutidwa. Anandifunsa kuti iye akachotsedwa tidzatsala ndi yani. Anati ngakhale akanaimirira, nduna ikanangoyankha kuti paipi idzakonzedwa chuma cha dziko chikadzalola, ife n'kubwerera ndi mawu okhaokha. Anati pompi imodzi yotulutsa madzi iposa funso.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanaiike kumsika, pa malo a tonse. Anati anthu aja anavomera ya pakhomo la wachibale basi, ya tonse ikanafuna mapepala ambiri ndipo ikanadzutsa nkhani. Kenako anandigwira dzanja nati, "Asisi, inu munanilera. Nenze kufuna kuti musamwe futi vonyansa."

Mawu amenewa ndi amene anandipweteka koposa onse, chifukwa ankanenadi zochokera mumtima. Mwana ameneyu anaona ngati akundipatsa mphatso. Anagulitsa nyumba mazana awiri, malipiro ake n'kudzawaimika pakhomo panga kuti aliyense aziwaona m'mawa uliwonse, ndipo akudabwa kuti sindikuvina.

Ndinamuuza kuti akanaimirira, nduna n'kutinamiza, tikanadziwa kuti watinamiza ndi boma, ndipo bodzalo likanalembedwa m'buku lija kuti chaka chamawa tidzalifunsenso. Bambo wamfupi wa mlatho uja nayenso ali ndi dzina loti lingafufutidwe, koma anaimirira. Ife sitinamutume Benard kuti akatibweretsere madzi m'thumba. Tinamutuma kuti akafunse.

Kenako ndinati andipatse khadi la Cathrine ndikabweze kwa mayi wake. Anafunsa kuti khadi lanji. Nditamukumbutsa, anagwiragwira m'matumba, naitana mkazi wake, ndipo mkaziyo anati jekete limenelo linapita kochapitsa kalekale, m'matumba munalibe kanthu koma zipepala.

Sindinalire pamaso pake. Ndikutuluka anandiperekeza mpaka pageti, nandikumbutsa mofatsa kuti tebulo langa la kumsika limayendera khadi la Chipani, ndipo amene amasaina makhadiwo ndi anthu ake. Anati sakundiopseza, akungondikumbutsa monga mlongo wake. Kuchoka apo ndiye analembera inu.

Loweruka lapitali ndinalephera kupirira. Ndinaoloka msewu n'kukagogoda kwa Eneless. Ndinamupeza akusambitsa Moven m'beseni. Ndinakhala pansi, pa dothi, n'kumuuza zonse: za lamba wa nsapato, za windo, za bambo wa suti yotuwa, za malungo amene kunalibe. Ndinamuuzanso kuti khadi la mwana wake latayika. Ndinalumbira kuti za pompi sindinkadziwa kanthu.

Anamvetsera osandidula, akupukuta mwana. Atamaliza kumuveka anati za pompi akudziwa kuti sindinapemphe, amandidziwa. Kenako anati, "Na ine ninamuona, Marjory. Ninabwelela pa masitepe kukuyembekeza, nenze pa windo inangu."

Amalume, anaona zonse. Anamuona akulowa m'galimoto. Anandimva ndikunena za malungo. Anagwira dzanja langa pansi pa mtengo uja, poti ndi iye anali kumanja kwanga, ndipo anandimva ndikuvomera amen. Miyezi iwiri yonseyi wakhala akudziwa, ndipo sanauze munthu aliyense.

Anati iye sanamukwiyire kwambiri Benard, uja ndi wandale, anachita zimene andale amachita. Amene ankamudikira ndine. Anati tsiku lililonse ankaganiza kuti lero Marjory abwera adzanena yekha, ndipo tsiku lililonse ndinkamupatsa moni ngati palibe kanthu. Anati mwana wake anamuika m'manda kamodzi mu Januwale, ndipo ine ndinamuikanso kachiwiri pansi pa mtengo uja.

Ndinangomupempha kuti andide ine mmene angathere, koma atunge pa pompi chifukwa cha Moven. Anati madzi a m'chitsime amawiritsa makala akapezeka. Ndikudziwa, ndipo iyenso akudziwa, kuti makala sapezeka masiku onse.

Pomaliza anandiuza chimene akufuna. Anati bodzalo sindinamunamize yekha m'nyumba, ndinanamiza amayi khumi ndi asanu ndi atatu pamsewu. Tsiku limene ndidzaimirire pamaso pa amayi amenewo n'kunena chimene ndinaona pawindo, mawa lake adzabwera ndi ndowa yake. Lisanafike tsikulo, madzi amenewo sadzalowa m'kamwa mwa mwana wake.

Mwina mudzati ndi wouma mutu, akuika mwana pangozi chifukwa cha mkwiyo. Inenso ndinaganiza choncho ndikuoloka msewu kubwerera. Koma mayi ameneyu anamulanda mwana, anamulanda khadi, anamulanda funso lake. Chimene watsala nacho ndi kukana, ndipo ine si munthu woti ndimuuze kuti achisiye.

Choncho pa 24 ndidzaimirira, amalume, monga mwandilamulira. Amayi onse aja adzakhalapo, poti ndi amene auzidwa kuti adzavine. Benard akadzadula riboni yake n'kundipatsa mpata wolankhula, ndidzanena kuti tsiku la funso mlongo wanga sanadwale, ndinamuona ndi maso anga akuchoka, ndipo ndinawanamiza. Sindidzamutukwana, sindidzawonjezera kanthu. Ndidzangonena zimenezo n'kukhala pansi.

Ndikuopa, sindikubisirani. Tebulo lija ndi limene limatidyetsa masiku amene makina a bambo a Sophia alibe nsalu, ndipo ndikudziwa kuti likhoza kupita. Ndikudziwanso kuti anyamata a Chipani sakonda munthu wowononga phwando la ufulu. Bambo a Sophia nditawauza anati adzaima pambali panga.

Pempho langa kwa inu lili pawiri. Loyamba, musandilembere kalata yondiletsa. Sindinakukanirenipo mawu chibadwire, ndipo sindifuna kuti ulendo woyamba ukhale uno. Ngati simungandidalitse, ingokhalani chete, ndidzamva.

Lachiwiri, lemberani Benard. Inu amakuopani. Iye yemwe anatiuza tsiku lija kuti funso likagwa, mwini wake akhoza kulilembanso n'kulipereka kachiwiri, ndipo aphungu akukumananso mwezi wamawa. Mumuuze alilembenso, ndipo dzina lake likadzaitanidwa adzapezeke pampando. Nduna idzayankhe zimene idzayankhe. Akatero, mwina tsiku lina ndidzatha kumuyang'ananso kumaso. Pakali pano ndikamuganiza ndimamva ngati ndalera mlendo.

Musamutaye, ndi mwana wathu ndithu. Akabwera kumudzi pa Khrisimasi mumulandire. Inenso musanditaye mukadzamva kuti Marjory wachititsa mlongo wake manyazi pagulu, chifukwa mbiri imeneyo idzafika kumeneko kalata yanga ina isanafike.

Mundiperekere moni kwa amayi kunyumbako, kwa azakhali a ku Chadiza mukawaona, ndi kwa abale onse a mumpingo. Bambo a Sophia akuti ndikupatseni moni wambiri, Sophia nayenso akugwada. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'mawondo ndi zokolola zabwino.

Ndikudziwa kuti kumeneko mwatha kusosa, mbewu zili m'manja, ndipo mukuyang'ana kumwamba tsiku ndi tsiku mutatha chaka chouma chija. Mundikhululukire, amalume. Kuno mitambo yayamba kusonkhana masana, ndipo ine mwana wa mlimi ndikupempha Mulungu kuti mvula ichedwe masiku khumi ndi atatu okha, kufikira Eneless atabwera ndi ndowa yake.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Marjory (amake Sophia)